Selo Logona ndi Chitini cha Mabatani

4 Malichi

Wokondedwa Mzime wanga,

Ndikhulupirira uli bwino mumzindamo. Kuno tili moyo, kupatula zala zangazi, zomwe m'mawa uliwonse zimadzuka mochedwa kuposa mwini wake. Ukaona zilembo zikuyenda chammbali ngati nkhanu usadabwe. Ndi mapiritsi aja a tsiku ndi tsiku. Chichotsereni bere lija ndamwa zaka zitatu, zatsala ziwiri, ndipo ndikuona kuti pofika kumapeto khansa idzakhala itathawa, telala, ine mayi ako, nayenso atathawa. Dzulo ndinalimbana ndi ulusi ndi singano mpaka tiyi kuzizira. Mwini diresi anali pabenchi pomwepo, akuyang'ana kudenga mwaulemu.

Nkhani ndi iyi. Lachiwiri kuchipatala anesi anatisonkhanitsa ife a bere limodzi n'kutiuza kuti kwabwera kafukufuku. Akuti akufuna magazi pang'ono, komanso mafuta a m'mafupa, kuti aone ngati muli tizidutswa ta khansa tomwe tinapulumuka mpeni. Amayi ena atangomva za mafupa anakumbukira kuti asiya mphika pamoto. Ine ndinakweza dzanja. Ndinafunsa mafunso asanu ndi awiri, anesi anayankha atatu, n'kunena kuti otsalawo angayankhe ndi a kulabotale ya mumzinda komwe mabotolo amapita. Ndinati, "Mwanena bwino, wa kulabotale ya mumzinda ndinabereka ndekha."

Tsono yankha. Chinthu chochokera kubere chikafuna chiyani m'fupa? Chimayenda bwanji, chili ndi miyendo? Ndipo ukachiona umachizindikira bwanji, poti magazi onse ndi ofiira? Zaka zisanu ukungotiuza kuti umawerenga maselo, ife n'kumagwedeza mitu ngati tamva. Lero ndikufuna kumva.

Usandiimbire foni. Pafoni umayankhula ngati basi ikukusiya, ndipo mawu a pafoni sindingawawerengenso kachiwiri. Lemba.

Achimwene ako akupereka moni. Akadali ku ofesi ya zanyengo, kulonjeza anthu mvula.

Ndine mayi ako.


13 Malichi

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu yafika, nkhanu zake zonse zili moyo. Pepani ndi zala. Muziwauza adokotala, osamangouza makasitomala.

Mafunso anu ndi abwino kuposa a ophunzira omwe amatitumizira kuno. Miyendo chilibe. Chotupa chikamakula, maselo ena amathothoka n'kugwera m'magazi, magaziwo n'kuwanyamula ngati kaulusi komatirira pasiketi ya kasitomala: kamachoka m'shopu mwanu n'kukapezeka kutchalitchi. Ambiri amafera m'njira. Ochepa amafika m'mafupa, momwe muli mofunda ndi mwabata, n'kugona. Ena amagona mpaka mwini mafupa kukalamba n'kumwalira ndi zina. Ena amadzuka patapita zaka. Chomwe chimawadzutsa sitikuchidziwa bwino, n'chifukwa chake tikuvutitsa anthu ndi masingano.

Ntchito yanga ndi iyi. Kabotolo kamabwera ndi magazi okwana masupuni aang'ono awiri osadzaza. M'menemo muli maselo ochuluka kuposa anthu onse a padziko lapansi, ndipo ine ndikufunamo limodzi, mwina awiri, kawirikawiri osapeza ndi limodzi lomwe. Timathiramo timadzi tokhala ndi fumbi la chitsulo lomwe limamatirira maselo achilendowo, kenako maginito amawakoka, monga mumatolera mapini pansi madzulo. Tikatero timawapaka utoto wowala mumdima. Ine ndimakhala m'kachipinda kopanda zenera, panja dzuwa likuswa mtengo, kuyang'ana timadontho n'kumati: iwe ndiwe, iwe si iwe. Digiri yonse ija munavina pa tsiku lake ndi imeneyo.

Inde, mabotolo a chipatala chanu amabwera kwathu. Koma amabwera opanda mayina, ndipo zotsatira sizibwerera kwa mwini magazi, chifukwa sitinafike podziwa chochita nazo. Pafomu palembedwa zimenezo, muwerenge musanasaine. Mukafuna kulowa lowani, koma chonde, Amayi, musanditumizire nambala ya kabotolo kanu. Ndikubwereza chifukwa ndimakudziwani: musanditumizire.

Mapiritsi musadumphitse.

Mwana wanu,
Mzime


29 Malichi

Adokotala a Madontho,

Moni wochokera kwa ife osaphunzira mokwanira. Nyengo kuno: panja mitambo ya apo ndi apo, m'nyumba mafunso kugwa osalekeza.

Ndinawaperekeza Amayi Lachinayi. Anawagoneka chammbali pa kabedi kopapatiza, n'kuwafunditsa pamsana nsalu yobiriwira yokhala ndi bowo, ndipo mawu awo oyamba anali akuti wopinda nsaluyo alibe chikumbumtima. Adokotala anabaya jakisoni wa dzanzi pafupa la m'chiuno, kenako anatulutsa chisingano chomwe ine ndinachiona kamodzi kokha, chifukwa kachiwiri ndinali nditakhala pansi, anesi akundikupiza ndi fayilo ya Amayi. Ndinkangomva mawu kuchokera pabedi: "Mwafika pafupa? Ndi lolimba? Zikutuluka za mtundu wanji? Tandionetsani." Anawaonetsa. Anakhumudwa. Ankayembekezera mafuta oyera ngati a m'fupa la ng'ombe, koma zinangokhala ngati magazi okhuthala. Anati, "Ndiye mwandiboolera zimenezi?"

Tsopano za nambala. Unawaletsa, ndikudziwa, kalata yako anandiwerengera kawiri. Koma munthu wosunga m'mutu chiuno cha mkazi aliyense wa m'dera lino sangalephere manambala asanu ndi imodzi. Anaponya diso pa kabotolo anesi akumata pepala, ndipo titangotuluka anatulutsa choko m'chikwama n'kulemba kunsi kwa mpendero wa siketi. Ndi 407 219. Akuti lamulo lako sanaphwanye, chifukwa wotumiza ndine.

Ndinawakumbutsa kuti zotsatira sizibwera. Anati, "Zimenezo ndi za anthu opanda ana kulabotale." Anatinso ngakhale popanda nambala uyenera kuwazindikira magaziwo, poti unakhala nawo miyezi isanu ndi inayi.

Kunena zoona, mlongo wanga, nanenso ndikufuna kudziwa. Ungosuzumira. Sitiuza munthu.

Achimwene ako


24 Epulo

Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino, ngakhale umboni ndilibe. Tikukwanitsa masabata anayi popanda kalata. Foni ndaimba kasanu: katatu sunayankhe, kawiri unati uli pantchito n'kudula. Iwe amene unandilembera masamba atatu chifukwa cha mphaka wa aneba ako.

Ntchito yanga ndi kuwerenga zizindikiro. Mphepo ikaima, mbalame n'kusiya kulira, sitinena kuti kunja kwacha bwino. Ndaona kuti wasuzumira, ndipo zomwe waonazo zakumanga pakamwa. Ngati ndi choncho uza ine, ndine wamkulu. Ndi angati? Ndipo kuopsa kumayambira pa angati?

Amayi sindinawauze kanthu. Ndangokonza zing'onozing'ono. Ndaitana mmisiri kuti akonze sitepe ya pakhomo, poti pangadzafunike kudutsa anthu ambiri. Ndalembera amalume kuti akapeza mpata adzawaone alongo awo, osafulumira, komanso osachedwa kwambiri. Amalume anafika tsiku lotsatira atavala jekete lakuda. Anakhala m'shopu maola atatu akuusa moyo, Amayi n'kutopa nawo, n'kuwayeza thalauza.

Chondidabwitsa n'chakuti eni akewo akusangalala. Akuimba. Makina akulira kuyambira m'mawa mpaka ine kuweruka. Ndinamvapo kuti nyali imawala kwambiri mafuta akamatha. Ndiyankhe, chonde.

Achimwene ako


8 Meyi

Wokondedwa Mzime wanga, mwana wanzeru,

Landira moni wa chimwemwe. Uthenga wako ndaumva. Usaope, sindinauze munthu, ndipo kalata ino ukawerenga uing'ambe kuti abwana ako asaione.

Ndinakulera ndine. Ukakhala ndi nkhani yoipa sutha kuisunga, umabwera nayo ukuthamanga, nsapato zili m'manja. Tsiku lomwe unaswa galasi la m'shopu unandichingamira kumsewu kudzadziulula, ine ndisanadziwe n'komwe kuti galasi lasweka. Tsono ndinati ndimupatse masabata awiri. Akapeza kanthu, afika ndi basi yoyamba. Masabata awiri anatha, mabasi anabwera n'kupita, iwe zii. Ndinati zikomo mwana wanga, wayankha osaphwanya lamulo.

Ntchito ikuyenda ngati kale. Ndamaliza madiresi anayi, mayunifolomu a kwaya khumi ndi awiri, ndi thalauza la amalume ako, omwe sindikudziwa chawagwira, akungondigwira dzanja n'kumandithokoza chifukwa cha ubwana wawo. Achimwene ako nawonso akonzetsa sitepe yomwe ndakhala ndikuwauza zaka zinayi. Anthu akusintha.

Ndayambanso kusoka makamisolo a ife a bere limodzi, aja a kathumba mkati. Thonje lokha limakwera m'mwamba munthu akakweza mkono, mpaka mayi wina linamufika pakhosi ali pamzere wa kubanki. Ndiye ndapeza nzeru: ndikusokeramo timikanda pang'ono kuti lizilemera ngati lenileni. Amayi a kuchipatala akulimbirana. Mikandayo ndikulowetsa ndekha, umodziumodzi, ndi kasingano kakang'ono kaja ndinakasiya chaka chatha.

Funso limodzi, la chidwi chabe. Kabotolo kopanda kanthu mumakataya kapena mumakasunga? Ndikanakonda kukaika pashelefu.

Ndine mayi ako.


12 Meyi

Achimwene,

Moni pang'ono, nkhani ndi yofulumira. Kalata ino ndapatsira dalaivala wa basi kuti ifike lero. Musanaimalize, pitani mukawerenge mapiritsi a Amayi.

Kalata yawo yafika dzulo. Masamba awiri, mizere yowongoka ngati ya pa satifiketi, nkhanu palibe ndi imodzi yomwe. Ndaiika pambali pa ija ya mu Malichi. Zala zija sizinachire ndi mapemphero a kwaya. Asiya kumwa.

Tsopano za kukhala chete kwanga, poti nonse awiri mwakuwerenga ngati nyuzipepala, wina tsamba la maliro, wina tsamba la masewero. Sindinasuzumire. Sindikanatha: mabotolo akafika, olandira amamata nambala yatsopano pamwamba pa yakale, ndipo buku lolumikiza manambala awiriwo lili ndi munthu yemwe sindimudziwa n'komwe. Nambala yanu ija ikuthandiza siketi basi.

Koma sabata yomwe nambalayo inafika ndinawerenga mabotolo khumi ndi anayi a m'bokosi la kwanuko. M'mabotolo khumi ndi limodzi munalibe kanthu. M'mawiri munali selo limodzilimodzi. M'limodzi munali asanu. Ndinakhala mumdima muja kuwayang'ana asanuwo ngati ndiwafunse kwawo. Nditawerenganso ndinapeza anayi, chifukwa ndinkafuna akhale anayi. Pamenepo ndinadziwa kuti diso langa layamba kukondera. Ndinapita kwa abwana n'kuulula kuti mwina m'bokosimo muli mayi anga. Sanakalipe. Anangopatsa mnzanga bokosi lonse kuti awerengenso, ine n'kunditumiza kuchipinda cha mafiriji, komwe ndikumata mapepala nditavala majuzi awiri.

Ndinayamba makalata anayi. Ndikalemba kuti ndili bwino, ndinkaona Amayi akuti ziro. Ndikalemba kuti ndatopa, ndinkaona inu mukuitana amalume. Ndinati bola kukhala chete, chete alibe nambala. Ndinaiwala banja lomwe ndinabadwiramo.

Pitani. Ndipo amalume avule jekete.

Mlongo wanu


14 Meyi

Mzime,

Unalondola. M'botolo la mankhwala munali mopanda kanthu, monga mwa munthu womvera, ndipo ndinatsala pang'ono kukulembera kuti wanamizira mayi ako. Kenako batani la shati langa linathothoka. Ndinatsegula chitini cha mabatani, ndipo pakati pa oyera aja a mayunifolomu ndinaona ena opanda mabowo. Makumi atatu ndi awiri. Sanataye ndi limodzi lomwe. Ukuwadziwa, sataya chinthu chozungulira.

Ndinawayala patebulo lodulirapo nsalu. Sanachite manyazi. Anati, "Mwana wanena kuti mulibe." Ndinati mwana sananene kanthu. Anati, "Ndiye zomwezo." Ndinawawerengera kalata yako yonse, mpaka za majuzi. Anakulunga tepi yoyezera pachala. Kenako anafunsa ngati asanu aja anali ofanana kukula.

Ndinayesa nzeru za kuntchito. Ndinati, "Amayi, ndikanena kuti mwayi wa mvula ndi wochepa, sindiye kuti musasule denga." Anati, "Iwe ukanena kuti mvula ibwera, ine ndimayanika zovala." Pamenepo ndinagonja.

Koma usaseke kwambiri, chifukwa pambuyo pake analira, ndipo ine sindinawaonepo akulira ngakhale tsiku la opaleshoni. Anati bere anapereka osadandaula, poti tonse tinali titayamwa kale, koma akapereka zala atsala ndani? Akuti zaka zitatu akhala akumwa mankhwala olimbana ndi mdani yemwe sanamuonepo, pa mawu a anthu omwe nawonso akuti sakudziwa ngati alipo. Mawu awo omaliza ndi awa, ndipo andiuza kuti ndilembe momwemo: "Sindidula nsalu yomwe sindinaione. Andionetse chogonacho, tikambirane."

Mapiritsi ndasunga ine. Lero sanamwe.

Achimwene ako


18 Meyi

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndikupepesa chifukwa cha chete uja, ndipo lero ndiyankhula mosazungulira kuti pasakhale chomasulira.

Za kabotolo kanu sindikudziwa kanthu, sindidzadziwa, ndipo ngakhale ndikanadziwa sizikanakuthandizani momwe mukuganizira. Mukatapa masupuni awiri m'chidebe n'kupeza mulibe nyerere, simulumbira kuti m'chidebe monse mulibe. Ziro wanga amatanthauza kuti m'kabotolomo munalibe, basi. Ndipo alipo amayi omwe anapezeka nawo maselowa koma mpaka lero ali bwinobwino. Tikuwerenga kuti mwina adzukulu anu adzauzidwe zenizeni: iwe imwa, iwe siya. Inu mwabwera msanga, mwatipeza tikadali kuphunzira.

Chomwe chikudziwika ndi ichi. Khansa ya mtundu wanu imadya zomwe thupi lanu lomwe limaphika, ndipo piritsi lija limatseka khitchini, kuti chogona chikadzuka chipeze mbale zili zovundikira.

Za zala, mwakhala mukudandaula kwa anthu olakwika. Mankhwala a ntchito imeneyi si amodzi. Pitani ndi Achimwene kwa adokotala mawa lomwe, mukanene zoona zonse, za chitini zomwe, mukafunse chomwe angachite.

Za kuona, ndapempha abwana. Anaseka, kenako anati pa zaka zawo zonse palibe mwini magazi yemwe anapemphapo zimenezi. Tili ndi magalasi akale ophunzitsira, opakidwa maselo a anthu osadziwika, ndipo alola kuti muone limodzi. Bwerani Lachisanu la sabata yamawa, basi ya m'mawa. Mubwere ndi juzi. Musabwere ndi choko.

Mwana wanu,
Mzime


20 Juni

Wokondedwa Mzime wanga,

Ndinafika bwino. Ndachedwa kulemba dala, uona chifukwa chake.

Ndakhala ndikuganiza za chija unandionetsa. Ndinkayembekezera chinthu cha mano. Koma kadontho kobiriwira, kozungulira bwino, pakati pake pabuluu, kali phee pakati pa anzake ngati mwana wa eni nyumba. Mnzako wa magalasi uja atanena kuti kanachokera m'fupa la mayi wina zaka khumi zapitazo, ndinafunsa ngati mayiyo ali moyo, nonse munati simukudziwa. M'basi monse ndinkamuganizira. Kaya anali wa ntchito yanji, kaya naye zala zinkamupweteka. Ulemu wa kadonthoko ndi womwe unandiopsa. Makasitomala ovuta ndimawadziwa. Olalata savuta, amalalata n'kupita. Ovuta ndi aja amakhala phee pabenchi n'kumati, "Musadandaule, ndidikira."

Chipinda chako chija nacho, mwana wanga, ngakhale mbewa ingapemphe zenera. Ndipo katani ya pakhomo yapindidwa ndi munthu yemweyo anapinda nsalu ya kuchipatala.

Adokotala anandikalipira monga mwa ntchito yawo, Achimwene ako akugwedeza mutu ngati si iwo anatumiza nambala. Akuti ndiyambirenso mapiritsi omwewa kwa miyezi itatu, ndizisewetsa zala m'madzi ofunda m'mawa, ndipo zikakanika asintha mankhwala. Ndinawafunsa chifukwa chake sananene kale kuti ena alipo. Anati sindinawauze kuti ndikuvutika. Ndinati sanafunse. Tinasiyana mwamtendere.

Mikanda ndapatsa amayi awiri a kuchipatala kuti azilowetsa, ine ndizidula ndi kuyendetsa makina. Mmodzi ali ndi dzanja labwino, winayo ali ndi nkhani zabwino. Ulusi akundilowetsera Achimwene ako asanapite kukanamiza anthu. Amalowetsa masingano khumi n'kuwabaya pa katsamiro, ondikwanira tsiku lonse. Amatulutsa lilime polowetsa, ngati ali mwana.

Anesi akuti pakatha chaka adzafunanso magazi. Ndavomera. Nambala sindiyang'ana, ngakhale diso langa sindingalilumbirire.

Funso latsala limodzi. Chogonacho chimadziwa kuti chili m'thupi la munthu wina wake, kapena chimangoona mdima ngati iwe? Usaseke, ufunse abwana ako.

Ngati ndikumwa kapena ayi sindikuuza, poti m'banja muno mawu ndi chete zonse zimamasuliridwa molakwika. Wowerenga timadontho ndiwe. Kalata ino yanditengera masiku atatu. Yang'ana nkhanu zakezi, uwerenge wekha.

Ndine mayi ako.